Lucia di Lammermoor ya ku Met ya mu 2022: kodi kumuchotsa ku Scotland kwamuthandiza?

Mayi Nabanda (Leeds): Abale anga okonda nyimbo, Loweruka pa 21 May 2022 ndinali ku holo ya kanema kukaonera Lucia di Lammermoor yomwe a Metropolitan Opera (Met) ankaulutsa kuchokera ku New York. Amene mumaidziwa opera imeneyi mukukumbuka kuti nkhani yake imachitikira ku Scotland, m'nyumba zamiyala za mabanja otchuka, amuna atamangirira malupanga m'chiuno. Wokonza siteji, Simon Stone, zonsezo wachotsa. Lucia wake ndi mtsikana wa masiku ano, wokhala m'tauni ina ya ku America kumene mafakitale anatsekedwa kalekale ndipo anthu angotsala ndi ngongole. Pa siteji pali famase, sitolo ya pinyolo, motelo yotchipa, magalimoto enieni, ndipo siteji yonseyo imazungulira pang'onopang'ono osapuma. Nyimbo za Donizetti, amene anapeka opera imeneyi, ndi zomwe zija, mawu akadali a Chitaliyana. Ine zandigwira mtima kwambiri. Alipo wina amene waonera?

Thoko (New Jersey): Ndilipo amayi. Ine ndinapita ku Lincoln Center komweko, kumene kuli holo ya Met, kumayambiriro a mwezi uno. Ndinena poyera, sindinatuluke wokhutira ngati inuyo. Oyimba anachita zazikulu, koma maso anga anatopa. Pamwamba pa siteji aikapo sikirini yaikulu, ndiye pali anthu onyamula kamera amene amamutsatira Lucia paliponse, nkhope yake n'kumaoneka pamwambapo. Pansi nyumba zikuzungulira, pamwamba kanema akuyenda, pa mpando wakutsogolo kwako pali mawu omasulira. Munthu uyang'ane kuti?

Madalitso (Lilongwe): Pepani akuluakulu, ena tinalowa m'gulu lino chifukwa cha kwaya basi. Nkhani yake ya Luciayo ndi yotani? Tithandizeni kaye kuti titsatire.

Yamikani (Johannesburg): Achimwene Madalitso, mwachidule ili chonchi. Enrico Ashton zinthu zamuvuta, mbali yake yagwa pa ndale ndipo chuma chikutha. Njira yomwe waiona ndi yokwatitsa mlongo wake Lucia kwa Arturo, munthu wamphamvu amene angamupulumutse. Koma Lucia ali pa chibwenzi chamseri ndi Edgardo wa banja la Ravenswood, adani awo enieni, amene Enrico anawalanda malo. Edgardo akupita ku France, awiriwo apatsana mphete n'kulumbira. Enrico akubisa makalata a Edgardo, kenako akupeka kalata yabodza yoonetsa kuti mnyamatayo wapeza mkazi wina. Lucia akusayina chikalata cha ukwati, ndipo inki isanaume Edgardo akutulukira, akumutemberera pamaso pa anthu. Usiku womwewo Lucia akupha Arturo kuchipinda, akutuluka magazi okhaokha alendo ali pa phwando, mutu utasokonekera. Akumwalira, Edgardo atamva akudzipha.

Anaiyimba koyamba pa 26 September 1835 ku Teatro San Carlo, mumzinda wa Naples. Mawu analemba ndi Salvadore Cammarano, potengera buku la Walter Scott la mu 1819.

Madalitso (Lilongwe): Eee, nkhani yolemera chonchi? Ine ndimaganiza kuti ma opera amenewa ndi zachikondi zokhazokha.

Bambo Chirwa (Zomba): Ana anga, ine sindinaone kanthu, ndinangomvera pa intaneti usiku womwewo, ndipo mwina ndi chifukwa chake ndili ndi mtendere kuposa nonsenu. Zimene ndinamva ndi Lucia yomwe ija ndakhala ndikuimva zaka zonsezi, yoyimbidwa bwino zedi. Riccardo Frizza anatsogolera okestra mosathamanga, ankawapatsa oyimba mpata wopuma. Nadine Sierra, amene akuyimba Lucia, ali ndi mpweya wautali, amayamba noti motsitsa kwambiri, n'kuikulitsa, n'kuibwezanso pansi osagwedezeka. Amene mumaphunzitsa masopulano mukudziwa kuti zimenezo ndi zaka zambiri za ntchito. Javier Camarena, amene akuyimba Edgardo, mawu ake ndi owala, amatchula liwu lililonse momveka. Ndiye funso langa kwa inu munaonanu ndi ili: kodi magalimoto ndi famase zija zawonjezera chiyani chomwe khutu langa linaphonya?

Mayi Nabanda (Leeds): Bambo Chirwa, funso lanu ndi labwino ndipo ndiyankha mosabisa. Zawonjezera mantha a Enrico. Kale ndikamaonera Lucia ya malupanga ndi zovala za velveti, ndinkamuona Enrico ngati munthu woipa wa m'nthano, woipa chifukwa nkhani ikufuna woipa. Uyu wa Artur Ruciński ndi mwamuna amene ndimamudziwa. Thupi lonse zojambula, botolo m'manja, maso osakhazikika, munthu woti ngongole zamufika m'khosi ndipo chinthu chokhacho chotsala choti agulitse ndi mlongo wake. Ukaona kanyumba kawo kothina, ukaona sitolo ya pinyolo ili pafupi pomwepo, sufunsanso kuti n'chifukwa chiyani Lucia sakungothawa. Athawira kuti, ndi ndalama ziti? Ku ntchito kwanga ndimakumana ndi atsikana otere, ndipo sanavalepo velveti.

Palinso kena. Kalata yabodza ija aisandutsa chinthu chomwe Enrico akumuonetsa pa foni. Pamenepo holo yonse inangoti zii, chifukwa aliyense akudziwa mmene chithunzi chimodzi pa foni chimaphwasulira chibwenzi.

Thoko (New Jersey): Za Enrico ndikugwirizana nanu amayi, pamenepo mwalasa. Vuto langa lili pa Lucia mwini. Stone wamupanga kukhala mtsikana womwa mapilisi a ku famase kuja. Ndikumvetsa chifukwa chake, mankhwala ochepetsa ululu aja apha anthu ambirimbiri m'matauni otere kuno. Koma ndiye mzukwa umene Lucia amauona pa kasupe m'gawo loyamba usanduka chiyani? Usanduka zotsatira za mapilisi. Misala yake ya kumapeto nayonso munthu akhoza kunena kuti ndi mapilisi. Pamene Donizetti sanamupatse chothawirapo chilichonse. Mtsikana wabwinobwino, amuna onse omuzungulira am'panikiza mpaka mutu waphulika. Mukalowetsapo mankhwala mwawachotsera amunawo theka la mlandu.

Yamikani (Johannesburg): Achemwali Thoko, koma kodi analidi wabwinobwino? Mvetserani nyimbo yake yoyamba, Regnava nel silenzio. Zeze akuyamba yekha, kenako mtsikana akufotokozera mnzake Alisa kuti anaona mkazi wakufa akumukodola ndi dzanja, madzi a pa kasupe n'kusanduka magazi. Apo n'kuti palibe amene wamukakamiza kusayina chilichonse. Mayi ake angomwalira kumene. Donizetti anabzala mbewuyo kuyambira pachiyambi, kuti uyu ndi munthu wosweka kale. Stone wangoipatsa dzina lamakono.

Thoko (New Jersey): Kukhala pa chisoni cha mayi ako ndi kukhala kapolo wa mapilisi ndi zinthu ziwiri, achimwene. Choyambacho chimam'gwera aliyense.

Abusa Mwale (Chipata): Ndakhala ndikuwerenga mwakachetechete, koma ndiloleni ndilowepo. Nonse mukukamba za Enrico, palibe amene watchula Raimondo, m'busa wa banja la Lucia. Kwa ine munthu woopsa mu opera imeneyi ndi ameneyo, ndipo ndikunena izi monga m'busa mnzake. Enrico akakuwa, Lucia amakana. Wamuonetsa kalata yabodza, mtsikana wasweka mtima koma sanavomerebe. Amene akumaliza ntchito ndi munthu wa Mulungu, ndi mawu ofatsa a besi. Akumuuza kuti malumbiro omwe anachita ndi Edgardo alibe mphamvu chifukwa sanadalitsidwe ndi mtumiki. Akumukumbutsa za mayi ake ali m'manda, akumuuza kuti adzipereke chifukwa cha m'bale wake ndipo mphotho akaipeza kumwamba. Lucia akugonja pamenepo. Raimondo si wankhanza, amamukondadi mwanayo, ndipo n'chifukwa chake mawu ake akulowa pomwe ukali wa Enrico unalephera.

Chomwe chimandipweteka n'chakuti kale nyumba zambiri za opera zinkadumpha gawo limeneli pofuna kufupikitsa. Ukalichotsa, m'busa amangotsala munthu wabwino woletsa ndewu pa ukwati ndi wolengeza za imfa. Dzanja lake pa mlanduwo silioneka.

Mayi Nabanda (Leeds): Abusa, mwanena chinthu chomwe chinali pa mtima panga koma ndimasowa poyambira. Ku Met gawolo analiyimba.

Abusa Mwale (Chipata): Ndiye achita bwino. Ife amene timakhala pansi ndi ankhoswe tiyenera kumaliona gawo limenelo kawirikawiri. Mawu akuti pirira mwana wanga, ganizira banja lako, atuluka m'kamwa mwa atumiki ambiri, ndipo si nthawi zonse pamene ankateteza mwanayo.

Yamikani (Johannesburg): Chochititsa chidwi n'chakuti m'buku la Scott wokakamiza ukwati si mchimwene ayi, ndi mayi ake a mtsikanayo, Lady Ashton. Cammarano anawachotsa mayiwo, kuwaika m'manda nkhani isanayambe, n'kumusiya Lucia pakati pa amuna okhaokha kupatula Alisa. Ndipo m'bukumo mkwati samwalira, amangovulala. Scott nayenso anatengera nkhani yeniyeni ya Janet Dalrymple, amene anakwatiwa mu 1669 ndi mwamuna yemwe sankamufuna n'kumwalira patangopita milungu yochepa. Ndiye amene akunena kuti Stone wasintha nkhani ya eni ake akumbukire kuti nkhaniyi yakhala ikusinthidwa kuyambira kale. Anthu a ku Naples mu 1835 Scotland sankaidziwa, kwa iwo linali dziko lakutali la nkhungu ndi mizukwa.

Bambo Chirwa (Zomba): Yamikani mwana wanga, mbiri ukuidziwa, koma pali kusiyana. Cammarano atasintha nkhani, Donizetti analemba nyimbo zogwirizana ndi kusinthako. Stone wasintha malo koma nyimbo ndi mawu zatsala za nkhani yakale. Edgardo akuyimbabe za manda a makolo ake, Enrico akutchulabe mfumu William ndi Mary. Munthu woimirira pafupi ndi galimoto akamakamba za lupanga, khutu ndi diso zikukangana.

Koma ndisiye zimenezo, ndifike pomwe pali mtima wanga, gawo la misala. Amene simunalimvepo, ndi mphindi zoposa 15 mkazi mmodzi atanyamula opera yonse. Il dolce suono ikuyamba popanda nyimbo yeniyeni, tizidutswa chabe, mawu awiri atatu, kenako chete. Okestra ikubweretsa kanyimbo ka pa kasupe kaja, kenako nyimbo imene anayimba ndi Edgardo potsanzikana, koma zonse zikubwera zothyokathyoka. Ndiye kuti maganizo ake tikuwamva ndi makutu, akukumbuka ichi, chamuthawa, wagwira china. Pofika pa mbali ija yopanda mawu, pomwe liwu likungokwera ndi kutsika lokha, zimandikumbutsa mayi pa maliro amene mawu amuthera koma kulira sikunathe. Donizetti anaika kale kamera m'mutu mwa Lucia, ndipo kamerayo ndi liwu lake. Tsono ngati pamwamba pali sikirini yoonetsa zomwe akuganiza, ntchito ya liwulo yatsala yotani?

Thoko (New Jersey): Bambo, ndi zomwezo zimene zinandichitikira. Pa gawo limenelo sikirini ikuonetsa maloto ake, iye ali ndi Edgardo mwamtendere, pamene pansi Sierra ali mu diresi loyera lonyowa ndi magazi kuyambira kumutu, ndipo amuna angapo ofanana ndi Arturo wakufayo akumuzungulira. Mutu wanga unkangokwera ndi kutsika. Nditazindikira kuti noti zina zandidutsa ndili kuyang'ana kanema, ndinaika dzanja pa chipumi kutchinga sikiriniyo, n'kuyang'ana mkazi yekhayo. Kuyambira pamenepo ndi pomwe thupi linachita tsembwe. Holo ija ili ndi mipando pafupifupi 3,800, iye alibe maikolofoni yokuzira mawu, koma akayimba motsitsa umamva ngati ali pambali pako. Chodabwitsa chenicheni chinali chimenecho, ndipo sikirini inkandibera.

Mayi Nabanda (Leeds): Mwina apa ndi pomwe tasiyanirana, Thoko mwanawe. Ife a ku kanema wina anatisankhira choyang'ana, ndiye sitinavutike. Ndinaona milomo yake ikunjenjemera, ndinaona mmene ankapukutira manja pa diresi ngati akufuna kuchotsa magaziwo koma osadziwa kuti achokera kuti. N'kutheka kuti seweroli linapangidwira ife kuposa inu amene munalipira tikiti yodula.

Thoko (New Jersey): Ndiye limenelo ndi vuto lalikulu kuposa lomwe ndinayamba nalo.

Madalitso (Lilongwe): Ndapeza kachidutswa pa YouTube. Pali chida china chikulira modabwitsa pambuyo pa mawu ake, si chitoliro, si vayolini. Ndi chiyani chimenecho?

Yamikani (Johannesburg): Imeneyo ndi glass harmonica. Ndi mbale zagalasi zosiyana kukula, zolowetsana pa chitsulo chimodzi chomwe chimazungulira, woyimba amanyowetsa zala n'kumakhudza m'mphepete mwake. Anaipanga ndi Benjamin Franklin mu 1761. Donizetti analembera chida chimenechi gawo la misala, koma woyimba wake atasemphana ndi akuluakulu a San Carlo, anachichotsa n'kuikapo chitoliro. Kwa zaka zoposa 100 anthu ankangodziwa za chitoliro. Ndipo mpikisano wotchuka uja wa sopulano ndi chitoliro, wina kuyamba wina kutsanzira, Donizetti sanaulembe. Unabwera iye atamwalira kale, ndipo unatchuka ndi Nellie Melba ku Paris mu 1889. Ngakhale noti yapamwamba kwambiri ija yomalizira, imene anthu amaidikira kuti aombe m'manja, ndi mwambo wa oyimba, mu pepala mulibe.

Bambo Chirwa (Zomba): Ndipo mwambowo si woipa. Nyimbo za nthawi imeneyo, za Rossini, Bellini ndi Donizetti, zinkalembedwa mosiyira woyimba malo oti akongoletse yekha. Ndime ikabwerezedwa kachiwiri, woyimba ankayenera kuisintha. Fanny Persiani, amene anali Lucia woyamba, ankadziwika ndi luso limenelo. Ndiye ufulu wosintha unalipo kuyambira pachiyambi, koma unali m'manja mwa woyimba. Masiku ano wapita kwa wokonza siteji, ndipo manyuzipepala amayamba ndi dzina lake. Pamene Joan Sutherland anayimba Lucia ku Covent Garden ku London mu 1959, anagona ali woyimba wamba wa pa nyumbayo n'kudzuka ali wotchuka dziko lonse. Wokonza anali Franco Zeffirelli, munthu wamkulu, koma usikuwo unali wa Sutherland. Mverani Maria Callas ku Berlin mu 1955 ndi Herbert von Karajan, palibe chithunzi chilichonse, koma mudzaona zonse.

Mayi Nabanda (Leeds): Koma bambo, zakalezo zinali ndi vuto lakenso. Lucia ankatuluka ndi timadontho tiwiri ta magazi pa chovala chogonera, n'kuyimba ngati mbalame, anthu n'kuomba m'manja osakumbuka kuti kuchipinda kwagona mtembo. Ku London mu 2016 Katie Mitchell anagawa siteji ya Royal Opera House pawiri, mbali imodzi zomwe timazidziwa, mbali ina zomwe zimabisika. Tinaona Diana Damrau akupha Arturo mothandizidwa ndi Alisa, movutikira, mwamunayo osafa msanga. Lucia wake anali ndi pakati pa Edgardo, ndipo magazi a pa gawo la misala anali a kupita padera. Anthu anakuwiza usiku woyamba. Ine sindinagwirizane ndi zonse, koma kuyambira pamenepo sindingathenso kuonera Lucia ngati chionetsero cha noti zapamwamba. Lucia wa Stone akupha Arturo ndi chozimitsira moto cha m'motelo, chinthu cholemera chomwe chinali pafupi. Mkazi wamantha amagwira chomwe chili pafupi.

Yamikani (Johannesburg): Kuno kwathu ambiri Stone tinamudziwira kwa Pretty Yende. Mu 2019 ku Paris anakonza La traviata ya Verdi, Yende ali Violetta wotchuka pa intaneti, ndipo kumenekonso kunali siteji yozungulira ndi masikirini aakulu. Ndiye iyi ndi njira yake, si kuti waipangira Lucia yekha. Yende mwini, mwana wa ku Piet Retief ku Mpumalanga, anayimba Lucia ku Paris mu 2016 ndi ku Met mu 2018, m'sewero lakale la Mary Zimmerman lomwe lalowedwa m'malo ndi la Stone. Anzanga a kusukulu ya nyimbo amene akuphunzira mbali zimenezi tsopano akuuzidwa kuti liwu lokha silikwanira, uyenera kudziwa kuyimba kamera ili pa mphuno pako, ukuyenda pa siteji yoyenda.

Bambo Chirwa (Zomba): Zimenezo zikundidetsa nkhawa. Woyimba pa noti yovuta nkhope imakwinyika, khosi limatupa, pakamwa pamatseguka mosakongola. Ndi mmene thupi limatulutsira mawu otere. Akayamba kuopa kamera adzayamba kuteteza nkhope, ndipo mawu ndi amene adzalipire.

Thoko (New Jersey): Kunena chilungamo Sierra sanaope. Kamera ili pafupi chonchi iye anangoyimba ndi thupi lonse. Ndipo pali malo amodzi pomwe ndinaiwala madandaulo anga onse, pa ukwati, Edgardo atalowa. Phwando la pabwalo, mipando yapulasitiki, alendo ovala zonyezimira zotchipa, kenako zonse zikuima, anthu asanu ndi mmodzi akuyimba pamodzi aliyense zakezake.

Madalitso (Lilongwe): Asanu ndi mmodzi nthawi imodzi, mawu osiyana? Sizisokonekera?

Bambo Chirwa (Zomba): Ayi mwana wanga, ndipo kwa ife a kwaya phunziro lalikulu lili pamenepo. Chi mi frena ikuyamba ndi amuna awiri, tenala ndi baritoni, Edgardo ndi Enrico, adani, koma akuyenda limodzi ngati abale, zingwe za okestra zikungodinidwa ndi zala pansi pawo. Edgardo akuti ndimamukondabe ngakhale wandipereka, Enrico kwa nthawi yoyamba akumva chisoni ndi zomwe wachita kwa magazi ake. Kenako Lucia akulowa pamwamba ndi Raimondo pansi, nyimbo yomweyo. Arturo ndi Alisa akubwera pambuyo pamodzi ndi kwaya. Sizisokonekera chifukwa Donizetti sakuwalowetsa onse pakamodzi, khutu limayamba laidziwa nyimboyo kwa awiri, ndiye ena akamawonjezeka umadziwa kale njira. Munthu ameneyu analemba ma opera pafupifupi 70, ankalemba mothamanga, ena ankamunyoza nazo, koma pa mphindi zinayi zimenezi palibe noti yongotayira.

Abusa Mwale (Chipata): Ndipo muone kuti ngakhale Enrico wamva chisoni pamenepo, chikalata sakuching'amba.

Madalitso (Lilongwe): Bambo Chirwa, kwaya ngati yathu ingayese gawo limenelo, kapena ndi za akatswiri okhaokha?

Bambo Chirwa (Zomba): Ingayese, bola mukhale ndi sopulano mmodzi wofika pamwamba mosakuwa ndi matenala awiri, chifukwa Arturo nayenso ndi tenala. Mapepala ake ndi akale, ali pa tsamba la pa intaneti la IMSLP mwaulere, mutenge a piyano ndi mawu. Muyambe ndi amuna awiri aja okha kwa milungu ingapo mpaka azipuma pamodzi, musathamangire kulowetsa onse. Chitaliyana chisakuopseni, mavawelo ake ali pafupi kwambiri ndi athu. Mukafika pa kulowa kwa Lucia munditumizire zomwe mwajambula, ndimve ngati baritoni wanu sakukwirira tenala.